Kakamira wa Pageti Pathu

Bambo anga anagwira ntchito yotchetcha udzu m'mbali mwa misewu kuyambira ali mnyamata mpaka msana unayamba kukana. Khonsolo inkawapatsa ovololo, nsapato za jombo ndi chikwakwa, basi. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. M'tauni monse ankangoti a Chikwakwa, ndipo iwo ankavomera ndi mtima wonse. Wina akafuna kuwachepetsa, ati ntchito yanji yodula udzu, ankangomuuza kuti apite kaye akaone ngalande ya msewu wa kudepoti, ndiye abwerenso adzamalize mawu akewo. Ine ndine mwana wawo wamkazi, telala, ndimasokera pakhonde la nyumba yomwe ndinabadwiramo. Ndinenetu poyamba kuti nkhani ya bambo anga sindiinena monong'ona.

Munthu ameneyu ankadziwa kutchetcha. Chikwakwa chawo chinkadutsa motsika, chopendekera pang'ono, udzu wonse n'kugwera mbali imodzi ngati tsitsi lopesa. Ukamadutsa pabasi umadziwa wekha kuti apa panadutsa a Chikwakwa, apo panadutsa wina amene maganizo ake anali pa kuweruka. Achimwene anga, amene ndi oyamba kubadwa, anawaphunzitsa katchetchedwe kameneka pabwalo pathu pomwepa, akuwawongola chigongono mpaka anazolowera. Ine anandikaniza, ati ndidzadula zala za anthu chifukwa cha mtima wapachala. Sanalakwitse kwenikweni.

Koma panali chomera chimodzi chimene chikwakwa chawo chinkachilambalala. Anachipeza pamtunda wa kuseri kwa njanji, kumene ankayambira ntchito m'mawa. Chimakula kufika m'bondo, pena m'chiuno, masamba ake a manomano ndi aubweya, aakulu kusinthana ndi aang'ono paphesi limodzi. Pamwamba chimatulutsa kandodo kodzaza timaluwa tachikasu. Maluwawo akayoyoka pamatsala tinjere tooneka ngati tibelu, m'mphepete mwake muli timinga tokhota. Ukangodutsa pafupi, wanyamula. Si chisoso ayi, chisoso n'chaulemu, umangosansa chachoka. Izi zimagwira nsalu ngati mwana woopa jakisoni. Chilimwe mapesi amauma, koma muzu umakhala uli moyo pansi, mvula ikangodontha chatulukanso pomwepo. Dzina lake la m'mabuku sitinalidziwe, kwathu tinangochitcha kakamira. Wogulitsa maluwa wina anauza bambo kuti kakamirayu ndi pachibale ndi duwa la rozi. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti banja lililonse lili ndi m'bale wake amene samuitana kuukwati.

Chifukwa chomusiyira chinali amayi. Amayi ankaimba kwaya, ndipo mawu akawasasa bambo ankabwera ndi masamba a kakamira m'thumba la ovololo. Ankawiritsa, madziwo akazirala amayi n'kuchukucha nawo pakhosi. Kaya ankathandizadi, kaya unali mtima wa wobweretsayo, ine sindidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti amayi ankakonda masambawo koma njerezo ankadana nazo koopsa. Zinkapezeka m'masokosi, pabulangete, pansalu za pampando, ngakhale pajuzi yanga ya kusukulu. Motero anakhazikitsa lamulo. Akangowaona bambo pawindo la kukhitchini, mawu anali atatuluka kale: "Musalowe nazo m'nyumba mwanga zimenezo. Khalani pamwalapo muchotse."

Kunja kwa geti lathu kuli mwala waukulu wafulati. Bambo ankakhala pamenepo tsiku ndi tsiku, n'kumathothola tinjere kumiyendo ya ovololo, kamodzikamodzi, akuponya pambali. Analinso ndi chizolowezi chawo chakuti sankathothola akuyenda, ati wothothola akuyenda amagwera m'ngalande. Choncho pobwera kuntchito ankakhala kaye pakalavati pomwe msewu wathu umapatukira kuchoka kumsewu waukulu, kenako pabenchi la pakona pa ometa tsitsi, kenako pachipupa cha pampopi, n'kudzamalizira pamwala wa pageti. Paliponse pomwe anakhala, kakamira anamera. Wa pageti ndiye anachita kunyanya, chitsamba chathunthu mbali zonse za mwala. Amayi akadandaula, bambo ankati, "Wadzala ndinu ameneyu, ine ndinangomvera lamulo." Anzawo a kuntchito anazolowera kumulambalala, mpaka lero anyamata otchetcha ndi makina aja akafika pakalavati amakweza makina awo, amati ndi kakamira wa a Chikwakwa. Akuluakulu amati ukayenda uzisiya phazi. Phazi la bambo anga linamera masamba.

Amayi atamwalira, mutu wa bambo unayamba kutaya zinthu pang'onopang'ono. Poyamba anali makiyi m'chitini cha shuga. Kenako mayina a anthu oyandikana nawo. Tsiku lina anandiyang'ana ndikusoka, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Mayi, mumasokanso maovololo?" Ndinawayankha kuti inde, ndimasoka, kenako ndinakalowa kubafa kukalira. Adokotala anati ndi matenda a kuiwala, sachira, tingowasamala.

Chimodzi chokha sichinachoke. M'mawa uliwonse ankavala ovololo yawo yakale, n'kutenga chikwakwa chimene ndinachita kuchibunthitsa dala, n'kunyamuka ulendo wa kuntchito. Dzuwa likafika pamutu, awo akubwera, miyendo ya ovololo ili mbuu ndi njere, n'kukhala pamwala. Munthu wosadziwa dzina la mwana wake, koma osasochera. Zinandizunguza mutu mpaka tsiku lina ndinavindikira makina n'kuwatsatira chapatali. Anafika kumtunda wa kunjanji, anayendayenda m'kati mwa kakamira, akugwedeza chikwakwa m'mwamba mwa udzu. Pobwerera ndi pomwe ndinaona. Atafika pamphambano anaima, maso ali pansi, akufunafuna. Ataona timaluwa tachikasu pakalavati anapita kukatigwira, anakhala pang'ono, n'kupatukira komweko. Pakona pa ometa tsitsi chimodzimodzi. Pampopi chimodzimodzi. Nyumba sankaziyang'ana n'komwe. Ankatsata zimene anadzala okha, ndipo chitsamba chachikulu cha pamwala chinkawauza kuti ulendo wathera pano.

Ndinabwerera kumakina anga ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Anthu amamanga nyumba zosanja kuti akumbukiridwe. Bambo anga anadzikonzera njira yobwerera kwawo ndi miyendo ya ovololo, iwo eni osadziwa.

Vuto linali achimwene. Iwo amayendetsa malole, amakhala tauni ina yakutali, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Si munthu woipa, ndisawanamizire, ndipo alamu anga ndi munthu wa manja ofewa. Koma pafoni nyimbo yawo inali imodzi: bambo abwere kuno, kuno kuli loko, sangatuluke. Mawu akuti loko ndi amene ankandiwiritsa magazi. Ndinayesapo kale zimenezo. Nthawi ina akukonza msewu wathu ndinakiya geti kuopa mathirakitala. Bambo anaima m'mawa wonse atagwira zitsulo za geti, osalankhula, osakalipa, kungoyang'ana kunja. Chakudya anakana. Madzulo ake anandifunsa kuti analakwa chiyani kuti awatsekere. Ndinalumbira kuti ine ndili moyo zimenezo sizidzachitikanso.

Achimwene atapeza tchuthi anabwera, galimoto yobwereka ili panja, cholinga chili chodziwikiratu. Bambo anawapatsa moni wa alendo, n'kuwafunsa ngati ayenda bwino ndiponso kuti kwawo ndi kuti. Ndinaona nkhope ya achimwene ikugwa. Titakhala pakhonde anayamba.

"Mlongo, wayesetsa, palibe angakunene. Koma munthu wosazindikira mwana wake ungamusiye aziyenda yekha m'misewu? Tsiku lina tidzakawapeza kumotchale."

"Njira amaidziwa. Ali ndi zizindikiro zawo, amatsata..."

"Zizindikiro zanji? Iwe umakonda kukometsa zinthu."

"Ndisiyeni ndimalize."

"Ayi, za pakamwa zakwana. Mawa ndione ndi maso anga. Akabwera okha n'kulowa pageti popanda wowagwira dzanja, ndiwasiya. Zikakanika, tikwera nawo."

Ndinavomera mwachangu, chifukwa ndinkadziwa bambo anga. Ndinangoti chabwino, tionana mawa, n'kupitiriza kupinda siketi ya kasitomala.

M'mawa bambo ananyamuka monga mwa masiku onse. Ine ndinali ndi diresi lofunika zipi yobiriwira, ndiye ndinathamangira kumsika, achimwene ndikuwasiya akumwa tiyi pakhonde. Ndinaiwala chinthu chimodzi, kuti mwana wa a Chikwakwa sangakhale pansi udzu ukumuyang'ana. Achimwene anakafukula chikwakwa china kuseri kwa nyumba, anachinola pamwala wa bambo womwewo, n'kuyamba. Pobwera ndinaona patali kuti pageti pawala modabwitsa. Ndinayandikira. Kakamira yense anali atapita. Panangotsala zitsa zofanana msinkhu, mwala uli pambalambanda, pansi posesedwa bwino. Achimwene anali chiimire, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Mwatani apa, achimwene?"

"Ndakonza. Pakhomo pa a Chikwakwa pangamere tchire lotere? Anthu odutsa aziti chiyani? Amayi akanakhalapo bwenzi atandithokoza."

"Safunsa anadya phula. Mwadula chikwangwani cha bambo. Dzulo ndimafuna kukuuzani, munanditseka pakamwa."

Ndinali ndi mawu ena ambiri, ena osayenera mlongo kuuza achimwene ake, koma nthawi inali itatha. Bambo anali atatulukira kale pampopi, chikwakwa paphewa, akubwera ndi kayendedwe kawo kotsimphina pang'ono. Tinangoima pageti tonse awiri.

Anafika. Anaima pomwe amaima nthawi zonse, maso pansi. Anayang'ana kumanja kwa mwala, anayang'ana kumanzere. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kubweranso. Kenako anakweza maso, anationa, n'kuvula chipewa.

"Pepani eni nyumba, ndaphonya pang'ono. Kwathu ndi kutsogoloku."

Anavala chipewa n'kupitirira. Kutsogoloko kulibe kwathu kulikonse, kuli msewu wa malole ndi mlatho. Achimwene anawathamangira n'kuwagwira mkono.

"Bambo, kwanu ndi pano. Tiyeni tilowe."

"Ndisiyeni, bambo inu. Ine sindilowa m'nyumba za eni. Akazi anga akundidikira."

Achimwene anakoka pang'ono, bambo analimba. Munthu wokalamba uja anaponda pansi ngati chitsa, ndipo m'maso mwawo ndinaonamo mantha aja a tsiku la loko. Ometa tsitsi anali atatuluka kudzaonerera, amayi a pampopi atatula zidebe. Achimwene anatembenukira kwa ine.

"Waona, mlongo? Ukuona wekha. Chitsamba chimodzi kuchoka, munthu wasowa kwawo. Ine sindingagone tulo ndikudziwa zimenezi."

Sanali kunama, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinayang'ana galimoto ija, ndinayang'ana bambo. Maso anga anatsikira kumiyendo ya ovololo yawo, yodzaza njere kuyambira m'bondo mpaka m'jombo. Sindinaganize kawiri. Ndinalowa m'nyumba mothamanga, ndinakankha windo la kukhitchini, n'kutulutsa mawu mmene amayi ankawatulutsira. Make mbuu, mwana mbuu, pakamwa ndinatengera iwowo.

"Musalowe nazo m'nyumba mwanga zimenezo. Khalani pamwalapo muchotse."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana windo, anayang'ana miyendo yawo, n'kuseka kaseko kaja ka munthu wogwidwa.

"Ndamva, mayi, ndamva. Simutopa nalo lamulo lanuli?"

Achimwene anawasiya mkono. Bambo anabwerera okha, anatsamiritsa chikwakwa pageti, n'kukhala pamwala. Anayamba kuthothola, kamodzikamodzi, akuponya padothi losesedwa lija. Ine ndinatuluka n'kudzaima pafupi ndi achimwene. Ali m'kati mothothola, bambo anatambasula dzanja n'kusisita zitsa za kakamira. Anazisisitanso, mutu uli chopendekera.

"Watchetcha ndani pano?"

Achimwene anasendera pafupi. "Ndine, bambo."

Bambo anawayang'ana kumaso nthawi yaitali, koma nkhopeyo sinawauze kanthu. Anabwezera maso pazitsa.

"Chikwakwa chopendekera, motsika, zonse kugwera mbali imodzi. Dzanja ili ndi la kwathu. Katchetchedwe aka ndinaphunzitsa munthu mmodzi yekha, mwana wanga wamwamuna. Amayendetsa malole, ndi munthu wamkulu tsopano." Ananena zimenezi chifuwa chili patsogolo, akuyang'ana ometa tsitsi kuti nawonso amve. "Koma ali ndi phuma mwana ameneyo. Mukamuona mumuuze kuti kakamira timamulambalala."

Achimwene, chimunthu chachikulu choyendetsa malole a matayala ambirimbiri, anagwada padothi pomwepo misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndimuuza, bambo."

"Muzu wausiya?"

"Wausiya."

"Ndiye palibe mlandu. Aphukanso ameneyu."

Anamaliza kuthothola, anasansa mawondo, anatenga chikwakwa chawo n'kulowa pageti, manja a munthu aliyense ali kutali. Atafika pakhonde anandifunsa ngati madzi osamba alipo.

Za mgwirizano wathu achimwene sanazitchulenso, ine sindinawakumbutse, ngakhale lilime linkandiyabwa. Masana omwewo anapita kudzala la zinyalala kukatola mapesi amene anataya. Anasankha a maluwa, anawamangirira kutimitengo n'kuzika mbali zonse za mwala. Mapesiwo atafota, anatenga khasu ndi ndowa, anapita kumtunda wa kunjanji, n'kubwera ndi kakamira wa mizu yake ndi dothi lake, anamudzala pakati pa zitsa zija. Masiku onse otsala a tchuthi chawo ankathirira m'mawa, dzuwa likafika pamutu n'kukhala pakhonde pambali pa makina anga, maso kumpopi. Bambo akatulukira, n'kuima, n'kugwira timaluwa tachikasu, n'kukhala pamwala, achimwene ankapuma mpweya wonse umene anausunga, n'kundigunda ndi chigongono ngati kuti anayambitsa ndi iwo.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Matenda aja sanabwerere m'mbuyo, ndipo ndikudziwa kuti lidzafika tsiku limene miyendo kapena mutu zidzakaniratu. Ndinauza ometa tsitsi ndi amayi a pampopi kuti akadzawaona akupitirira pomwe amayenera kukhota, andiimbire. Koma lero bambo anga amadzuka m'nyumba mwawo, amapita kuntchito kwawo, amabwera okha. Wofuna kudziwa kuti a Chikwakwa anali ndani asandifunse ine, ayambire pakalavati azitsata maluwa achikasu, adzafika pamakina anga.

Tsiku lonyamuka, achimwene anawaperekeza bambo mpaka kunjanji, n'kubwerera okha kudzatenga chikwama. Buluku lawo labwino lija, lovala paulendo, linali mbuu ndi njere mpaka m'mawondo. Ine pokhala telala, nsalu yabwino ikamazunzika mtima umandiwawa. Ndinawerama kuti ndiyambe kuthothola.

Anabweza mwendo.

"Zisiye, mlongo."

"Mukwera nazo galimoto ya eni zimenezi? Zimata pampando ponse."

"Zimate. Ndikachotsera pageti panga. Tsiku limene udzatope, kapena iwo adzafune kudzationa, adzapeze poti n'kukhota."

Analowa m'galimoto mosamala, atakunga miyendo ya buluku ndi manja onse awiri kuti pasagwe kanjere ngakhale kamodzi.